Funsani Kandidato: Pa Nkhani Zotigawa Waima Mbali Iti?

Amayi ndi abambo, agogo, anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'malire, kuyambira ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Zóbuè mpaka ku Milange, Mecanhelas, Mandimba ndi kunyanja ku Metangula: kapepala kano ndi kanu. Werengani, ndipo muwawerengerenso ena amene maso adafooka kapena sadapite kusukulu.

Sitidabwere kudzakuuzani munthu woti mumuvotere. Aliyense wobwera m'dzina la maphunziro a chisankho nkumakulozerani chithunzi cha munthu mmodzi, mubwezeni. Ife tabwera kudzatsutsa chizolowezi chimene chatidya kuyambira chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, chosankha Pulezidenti poyang'ana kapulana, kamizeta, nyimbo ndi kuchuluka kwa magalimoto ake, osamufunsa pamene waima pa nkhani zimene zimatigawa.

Malinga ndi kalendala ya zaka zisanu, chisankho china cha Pulezidenti chikubwera mu 2029. Wina ati kukadali kutali. Koma munda salima tsiku lokolola. Kampanya ikayamba, phokoso limachuluka ndipo mutu suganiza bwino. Nthawi yoganiza ndi ino.

MPHAMVU ZIMENE MUKUPEREKA

Yambani mwakumbukira kukula kwa chinthu chimene mukupereka. Malamulo aakulu a dziko, Constituição, amapatsa Pulezidenti wa Moçambique mphamvu zambiri. Ndiye mutu wa boma ndiponso mkulu wa asilikali onse. Amasankha nduna yaikulu ndi nduna zonse, mkulu wa apolisi ndi mkulu wa banki ya dziko. Ndiye amene amakambirana ndi atsogoleri a Malawi ndi Zambia za malire athuwa. Akalowa, amakhala zaka zisanu. Kapulana ya kampanya imang'ambika madzinja awiri asanathe, kamizeta imasanduka chigamba chopukutira njinga, koma lamulo limene iye wasaina limatsala mpaka kwa adzukulu anu.

Kulonjeza sukulu, mjigo ndi chipatala nkosavuta. Palibe munthu amene amakana mjigo, choncho kandidato aliyense amalonjeza mjigo. Munthu amadziwika pa nkhani imene akayankha, ena akondwa ndipo ena akwiya. Pamenepo ndi pomwe ambiri amazemba, ndipo pamenepo ndi pomwe inu muyenera kuwagwira.

BODZA LOYAMBA: AKUTI NKHANI ZIMENEZI NDI ZA OPHUNZIRA

Mudamvapo akunena kuti za nthaka, za ngongole ndi za nkhondo muwasiyire a doutor a ku Maputo, inu mungovina ndi kuvota. Limeneli ndi bodza, ndipo amene amalifalitsa amapindula nalo. Ife amene timayenda m'midzi kuchititsa misonkhano timamva zina. Pachigayo, pamjigo, pamaliro ndi pamsika wa mbatata, anthu amakangana za nkhani zomwezi, ndipo amakangana mwanzeru. Chimene chimasowa nkuti galimoto ya kandidato ikafika, onse amakhala chete nkuyamba kuomba m'manja.

Maganizo a anthu akumudzi adasinthapo kale malamulo a dziko lino. Titalandira ufulu mu 1975, boma lidalanda mafumu mphamvu ponena kuti adali anthu a atsamunda. Renamo idati mafumu abwerere. Anthu ambiri akumidzi, ngakhale ena osakonda Renamo, sadaleke kupita kwa mfumu ndi milandu yawo. Mu 1999 Joaquim Chissano adapambana ndi mavoti 52 pa 100 alionse, Afonso Dhlakama nkupeza pafupifupi 48. Chaka chotsatira boma lidatulutsa Decreto 15/2000 lozindikira atsogoleri a m'midzi, kuphatikizapo mafumu. Mavoti a alimi adamveka mpaka ku Maputo. Tsono musalole wina akuuzeni kuti maganizo anu salemera.

Nazi nkhani zisanu zimene zimatigawa. Pa iliyonse pali anthu anzeru mbali zonse ziwiri.

NKHANI YOYAMBA: NDANI ALAMULIRE CHIGAWO NDI DISTRITO?

Chitatha chisankho cha 2014, Dhlakama adakana zotsatira zimene zidapatsa mpando Filipe Nyusi wa Frelimo. Adaima poyera nkunena kuti zigawo zisanu ndi chimodzi zimene ankati zidamuvotera, Sofala, Manica, Tete, Zambézia, Nampula ndi Niassa, zizidzilamulira pa zinthu zambiri. Zitatu mwa zimenezi ndi zathu zino. M'midzi anthu adagawanika. Ena ankati nzoona, bwanji governador wa Tete azisankhidwa ndi munthu wokhala mtunda wa makilomita oposa 1,500, amene sadziwa mmene msewu wa ku Tsangano umakhalira nthawi ya dzinja? Ena ankati ayi, dziko likadulidwa zidutswa, mawa chigawo chilichonse chidzafuna mbendera yake ndi mfuti zake.

Assembleia da República idakana lamulo la Renamo mu Abril 2015. Mkangano udachoka pakamwa nkupita kumfuti. Amene adalipira ndi anthu ngati inu. Kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000, ambiri ochokera mbali ya Nkondezi ku Moatize, adali atawoloka malire nkumanga zisakasa ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, minda yawo itatsala ndi chimanga. Pambuyo pake mbali ziwirizi zidagwirizana, Constituição idasinthidwa mu 2018, ndipo mu 2019 kwa nthawi yoyamba governador adachokera m'mavoti a anthu. Zimene adagwirizana patebulo akadatha kugwirizana nyumba zisanapse.

Nkhaniyi sidathere pamenepo. Kusintha komweko kudaika pambali pa governador munthu wina, Secretário de Estado, wosankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo anthu adayamba kufunsa kuti mwini chigawo ndani. Kudalonjezanso kuti mu 2024 tidzasankha atsogoleri a madistrito, koma mu 2023 Assembleia idachotsa chaka chimenecho m'malamulo. Ena amati zidachita bwino chifukwa dziko lilibe ndalama zoyendetsera zisankho zambirimbiri. Ena amati lonjezo lidaswedwa. Inu mukuti bwanji? Administrador amene amaona za msewu, msika ndi chipatala chanu, mukufuna mudzimusankha nokha kapena azibwera ndi kalata yochokera kumwamba? Mufunseni kandidato, ndipo ayankhe ndi chaka.

NKHANI YACHIWIRI: NTHAKA

Constituição imati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997, Lei 19/97, limateteza mlimi m'njira zimene ambiri sazidziwa. Munda umene mudzi kapena banja likugwiritsa ntchito motsata mwambo ndi wotetezedwa ngakhale palibe pepala. Munthu amene walima malo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10 ali ndi ufulu pamalopo. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umawerengedwa. Amayi ndi abambo ali ndi ufulu wofanana. Ndipo kampani isanapatsidwe malo, anthu okhala pamenepo ayenera kufunsidwa.

Mu 2022 boma lidavomereza ndondomeko yatsopano ya nthaka, ndipo mkangano wa zosintha lamuloli udakula. Apa ndi pomwe timasiyana. Anyamata ena olima fodya, soya ndi mbatata amati pepala la DUAT lizitha kugulitsidwa kapena kukhala chikole kubanki, kuti munthu apeze ngongole ya feteleza ndi pampu. Akuluakulu ambiri, makamaka amayi, amati munda ukangokhala ndi mtengo, chaka cha njala osauka adzagulitsa, ndipo ana awo adzakhala aganyu pamunda wa agogo awo.

Nkhawa imeneyi ili ndi chiyambi chake. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 adasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji podandaula za nyumba, minda ndi malonjezo. Kumpoto, pulogalamu ya ProSavana, ya maboma a Moçambique, Brasil ndi Japan, inkafuna kusintha ulimi m'madistrito a Nampula, Niassa ndi Zambézia. Bungwe la alimi la UNAC ndi mabungwe ena adaitsutsa kwa zaka zambiri poopa kuti alimi ataya minda, ndipo idatsekedwa mu 2020. Koma palinso ena amene ankati mapulogalamu otere amabweretsa misewu, misika ndi ntchito. Kandidato akamati adzatukula ulimi, mufunseni kuti nthaka izigulitsidwa kapena ayi, ndiponso mudzi ukakana kampani, kukanako kuzigwira ntchito kapena kuzingolembedwa m'buku.

NKHANI YACHITATU: CHUMA CHATHU CHIMAPITA KUTI?

Malasha a ku Moatize amadutsa pa sitima kupita kudoko la Nacala ndi la Beira. Damu la Cahora Bassa lidabwerera m'manja mwa Moçambique mu 2007, koma gawo lalikulu la magetsi ake limagulitsidwa kunja, makamaka ku South Africa, pamene midzi yambiri ya Tete ikuunikira tochi ndi koloboyi. Lamulo limati 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa ibwerere kwa anthu okhala pafupi ndi mgodi. Ndi angati mwa inu adauzidwapo kuti ndalamazo zidali zingati ndipo zidagula chiyani?

Pa kampanya ya 2024 nkhani yokonzanso mapangano ndi makampani akuluakulu idamveka kwambiri, makamaka pakamwa pa Venâncio Mondlane. Daniel Chapo nayenso, atalowa m'boma mu 2025, adalankhula zoti mapangano ena akale aunikidwenso. Anthu amasiyana. Ena amati makampani adakhululukidwa misonkho yambiri ndipo yakwana nthawi yoti alipire. Ena amaopa kuti akafinyidwa adzalongedza katundu, ntchito zimene zilipo nkutha. Kandidato amene amauza alimi kuti adzafinya makampani, nkukauza makampani kuti asade nkhawa, ameneyo akubisala m'mapanga awiri, ndipo wovumbwa adzakhala inu.

Musaiwale ngongole zobisika. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adabwereka pafupifupi madola 2 biliyoni, boma nkulonjeza kubweza Assembleia isadavomereze. Zitaululika mu 2016, maiko othandiza adaimitsa ndalama zawo za bajeti ndipo metical idagwa. Inu simudaone ngakhale bwato limodzi la nsomba logulidwa ndi ndalamazo, koma mudaona mtengo wa mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Mu Dezembro 2022 khoti la ku Maputo lidagamula anthu angapo kuti akakhale kundende, ndipo amene adali nduna ya zachuma, Manuel Chang, adapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Amene amati ngongole ya boma sikhudza mlimi, mufunseni chifukwa chake sopo adakwera.

NKHANI YACHINAYI: NKHONDO YA KU CABO DELGADO

Nkhondo idayamba pa 5 Outubro 2017 ku Mocímboa da Praia. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawa m'nyumba zawo. Mu 2021 kudabwera asilikali a Rwanda ndi a SADC, ndipo a SADC adachoka mu 2024. Cabo Delgado ndi kutali, koma ana amene amavala yunifolomu nkupita kumeneko amachokeranso m'midzi yathu. Mu 2023 Assembleia idavomereza kuti nthawi ya usilikali wokakamizidwa ichoke pa zaka ziwiri kufika pa zisanu.

Pano palinso maganizo awiri. Ena amati anthu odula anzawo mitu sungakambirane nawo, mfuti yokha ndiyo yankho. Ena amakumbutsa kuti nkhondo ya zaka 16 idatha patebulo ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo amati mnyamata wopanda ntchito, wokhala pafupi ndi chuma cha gasi chimene sachilawa, sachedwa kunyengeka. Ena amayamika asilikali akunja, ena amafunsa kuti adzakhala mpaka liti ndipo akulipidwa ndi chiyani. Ife a m'malire nkhondo timaidziwa. Nthawi ya nkhondo ija anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a inu mudabadwira kapena kukulira m'misasa. Muli ndi ufulu woposa wina aliyense wofunsa munthu wofuna kukhala mkulu wa asilikali kuti mwana wanu adzamutumiza kukachita chiyani, ndipo nkhondoyo adzaithetsa motani.

NKHANI YACHISANU: MALIRE

Iyi ndi nkhani imene makandidato saitchula akakhala ku Maputo, koma kwa ife ndi ya tsiku lililonse. Ku Calómuè, Zóbuè, Milange, Mandimba ndi Cassacatiza, mlimi amagulitsa chimanga, nyemba, nandolo ndi mbatata kutsidya chifukwa msika wapafupi uli kumeneko. M'thumba muli metical ndi kwacha. Wodwala amapita kuchipatala chimene chili pafupi, osayang'ana mbendera. Akazi ndi amuna adakwatirana mbali zonse.

Ngakhale pamenepa sitigwirizana tonse. Wolima zambiri amafuna malire otseguka kuti agulitse kwa wopereka mtengo wabwino. Wogula chakudya mwezi wa Janeiro amati chimanga chisamatuluke chonse, chifukwa nthawi ya njala chimabwerera chodula. Wamalonda wamng'ono amadandaula za misonkho ndi zotchinga za pamsewu. Wina amati popanda kulondera, ng'ombe zobedwa ndi katundu wozembetsa sizidzatha. Kandidato akafika m'dera lanu, asangokuuzani za madoko ndi gasi. Anene chimene adzachita ndi mayi wosenza thumba limodzi la nyemba kupita kumsika wakutsidya.

BODZA LACHIWIRI: AKUTI MUDZI UNO NDI WA CHIPANI CHAKUTI

Palibe mudzi umene uli ndi kartau yovotera. Kartau ili ndi dzina limodzi ndi nkhope imodzi. Amene amati kuno tonse timavotera uje akufuna kukuwerengani ngati matumba a chimanga m'nkhokwe yake. Zipani zonse zimachita zimenezi kumene zili ndi mphamvu, ndipo nkulakwa konsekonse.

Mafumu ndi anyakwawa tiwalemekeze pa milandu ya minda, pa maliro ndi pa mwambo. Abusa, ansembe ndi mashehe tiwamvere pa za Mulungu. Mwamuna ndi mkazi azikambirana za pakhomo. Koma m'kachipinda kovotera simulowa mfumu, sekretario wa chipani, mbusa kapena mwamuna wanu. Mumalowa nokha. Pa pepala lovotera palibe dzina lanu. Wina akalemba nambala ya kartau yanu nkumati adzadziwa amene mwamuvotera, akungokuopsezani. Kartau musapereke kwa munthu kuti akusungireni. Akakupatsani kapulana, simudagulitse nayo voti, ndipo mulibe ngongole kwa iye.

Mungathenso kugwirizana ndi kandidato pa nkhani ina nkutsutsana naye pa ina. Ndi mmene munthu woganiza amakhalira. Mayi wina angakonde zimene kandidato akunena za nthaka koma nkuopa zimene akunena za nkhondo. Ayeze yekha chimene chili cholemera pa moyo wake. Chipani si mtundu umene munthu amabadwira. Ngakhale bambo anu adavotera chipani chimodzi moyo wawo wonse, adali ndi zifukwa zawo za nthawi yawo. Inu mukhale ndi zanu.

BODZA LACHITATU: AKUTI KUVOTA NKUTAYA NTHAWI

Bodza ili ndi lovuta kuposa enawo chifukwa lili ndi choonadi mkati. Tisabise. Pa chisankho cha 9 Outubro 2024, CNE idalengeza kuti Chapo wapeza pafupifupi 71 pa 100 ndipo Mondlane 20. Pa 23 Dezembro, Conselho Constitucional idasintha manambala, Chapo 65 ndipo Mondlane 24. Mondlane adakana zonsezi ponena kuti wopambana ndi iye. Oyang'anira chisankho a m'dziko muno ndi akunja adatchula zolakwika pa kuwerenga ndi kuphatikiza mavoti. Elvino Dias ndi Paulo Guambe adaphedwa ku Maputo masiku ochepa chitatha chisankho. Pa zionetsero zotsatira, Plataforma Decide idawerenga anthu oposa 300 amene adafa. Anthu zikwi zambiri a ku Zambézia adawoloka Shire kuthawira ku Nsanje. Munthu akaona zimenezi nkunena kuti watopa, sitingamuseke.

Koma taonani kumene kutopako kukutifikitsa. Mu 1994 anthu pafupifupi 88 pa 100 alionse olembetsa adavota. Mu 2024 sadafike theka. Kodi kukhala kunyumba kudachepetsa chinyengo? Dzina la munthu amene sadabwere ndilo losavuta kuligwiritsa ntchito kwa wofuna kuba. Wakuba amakonda munda umene mwini wake adaleka kuuyendera.

Lamulo lili ndi zida zimene ambiri sitizigwiritsa ntchito. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwe mwavotera, meza ikangotseka. Chipani chilichonse chili ndi ufulu woika delegado wake kuti aone kuwerenga ndi kulandira kope ya zotsatira. Pepala la zotsatira, edital, liyenera kumatidwa poonekera kuti aliyense awerenge. Lembani manambalawo m'kope kapena ajambuleni ndi foni. Mabungwe a m'dziko muno amaphunzitsa oyang'anira chisankho, ndipo mwana wa m'mudzi mwanu angathe kukhala mmodzi wa iwo. Mu 2025 zipani zidasainirana pangano la zokambirana za dziko lonse, ndipo zina mwa nkhani zake ndi malamulo a chisankho. Iyi nayo ndi nkhani yofunsa kandidato: CNE ikhale ndi anthu a zipani kapena ichotsedwe m'manja mwa zipani? Zotsatira za meza iliyonse zizisindikizidwa kuti aliyense aphatikize yekha?

WOSIYANA NANU SI MDANI

Pali ena amene amati nkhani zogawanitsa tisamazikambe kuti tisunge mtendere. Ife tikuti mtendere wotseka pakamwa sukhalitsa. Nkhani ya zigawo idakanidwa m'nyumba ya malamulo, idatulukira kunkhalango. Chithupsa chobisidwa ndi nsalu sichipola. Nkhani zimenezi zikambidwe masana, pabwalo, anthu atakhala pansi.

Koma kukamba kuli ndi malire ake. Mnzanu amene akuti nthaka izigulitsidwa ndi yemwe uja adasenza nanu bokosi la mayi anu. Amene wavala kamizeta ya chipani china ndi yemwe mudzabwereka ngolo yake nthawi yokolola. Makandidato akatha kutukwanana amakakumana m'mahotela nkugwirana chanza. Chapo ndi Mondlane adakumana ndi kukambirana mu Março 2025. Inu mukatentherana nkhokwe chifukwa cha iwo, mudzagona ndi njala muli mudzi umodzi. Musang'ambe zithunzi za chipani china, musatseke msewu kuti kandidato wina asalowe. Msiyeni abwere, mumufunse, ayankhe pamaso pa onse. Kandidato amene simumukonda ndiye muyenera kumumvetsera bwino, kuti mukamamukana mudziwe chimene mukukana.

MMENE MUNGAYESERE YANKHO

Safunsa adadya phula. Kandidato kapena womuimira akafika, kapena akamalankhula pa wailesi, tcherani khutu pa zinthu izi.

Choyamba, wayankha funso limene lafunsidwa, kapena wathawira kunyoza mnzake? Kunyoza si yankho.

Chachiwiri, watchula chaka, lamulo ndi kumene ndalama zidzachokera? Mawu akuti "tidzaunika" ndi "tidzaona" ndi msampha.

Chachitatu, zimene akunena kuno ndi zomwe adanena ku Beira, ku Nampula ndi ku Maputo? Funsani ana anu okhala m'tauni.

Chachinayi, iye kapena chipani chake adachita chiyani pa nkhaniyi kale? Amene ali m'boma ayankhe pa zimene adachita. Otsutsa ayankhe pa mmene adavotera mu Assembleia ndi mmene adayendetsera matauni amene adapatsidwa.

Chachisanu, wanena amene adzataya kanthu chifukwa cha maganizo akewo? Nkhani yogawanitsa ilibe yankho lokondweretsa onse. Wonena kuti palibe amene adzataya akukunamizani. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Musadikire kampanya. Pa msonkhano wa mudzi, pa gulu la amayi losunga ndalama, pa kalabu ya alimi, sankhani nkhani imodzi mwa zisanuzi, mupatse mpata mbali zonse ziwiri, achinyamata ndi amayi alankhule asanatseke akuluakulu. Lembani mafunso anu. Atumizeni ku wailesi ya m'dera lanu m'chinenero chanu. Galimoto ya kandidato ikadzafika, pakhale munthu woimirira ndi pepala lija m'manja nyimbo zisanayambe.

KUMBUKIRANI

Nzika iliyonse ya Moçambique ya zaka 18 kapena kuposa ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota, ngakhale idabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, ngakhale imalankhula ngati anthu akutsidya. Nthawi ya kalembera ikafika, kalembetseni. Tsiku lovota, pitani m'mawa ndi kartau yanu. Chongani kapena dindani chala pa bokosi limodzi lokha. Madzulo bwererani mukawerenge edital.

Voti yanu ndi chinsinsi chanu, koma mafunso anu akhale apoyera. Munthu wofuna kulamulira nthaka yanu, msonkho wanu ndi mwana wanu wa yunifolomu kwa zaka zisanu ayambe wanena pamene waima. Akakana kunena, nanunso muli ndi ufulu womukana.